Tinagula Gitala kwa Mmisiri Wosatchuka

 Sabata ino ndapatukako pang'ono pa nkhani zathu za masiku onse za kaphikidwe, kasokedwe ndi kaleredwe ka ana, pakuti ndiri ndi nkhani ya gitala. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuseka, mukuti kodi gitala ndi amayi apabanja zigwirizana pati? Dekhani mtima. Gitala imene ndikunenayi inagulidwa ndi ndalama za amayi 24, ndalama zochokera m'mandasi, m'tomato ndi m'kaunjika, ndipo amene anamanga ndalamazo pansonga ya chitenje kupita nazo ku Old Town ndine. Kunangotsala pang'ono kuti nditaye ulemu wanga pamaso pa anzanga chifukwa cha kagulidwe kake. Zimene ndinaphunzirapo ndaona kuti n'zoyenera kugawana nanu, popeza zingakuthandizeni pa chinthu chirichonse chimene muitanitsa kwa mmisiri, kaya ndi kabati, kaya ndi bedi.

Gulu lathu limakumana Loweruka lirilonse masana. Timasunga ndalama m'banki m'khonde, timaphunzitsana kusoka, ndipo pomaliza timaimba. Kuimbako kunatitchukitsa pang'ono m'dera lathu, kotero kuti anthu anayamba kutiitana ku zinkhoswe ndi ku maukwati. Ng'oma ndi maseche tinali nazo, koma gitala tinkachita kubwereka pamodzi ndi mwini wake, mnyamata amene ankafika mwambo uli pakati, nafuna theka la ndalama zonse zimene anthu atifupa. M'mwezi wa Febuluwale 2024 tinagwirizana kuti zimenezi zithe, tigule gitala yathu. Woiliza analipo kale pakati pathu, mayi wachichepere wa ana awiri, wamfupi ndi wochepa thupi, amene anaphunzira pa gitala ya mlongo wake ali mtsikana. Tinapangana kuti pofika pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, tidzaimbe ndi chida chathuchathu.

Ine mtima wanga unali pa nkhaniyi kuposa anzanga, ndipo chifukwa chake ndikuuzani. Agogo anga aamuna anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo pobwerera anadza ndi sutikesi, jekete ndi kagitala kolembedwa Gallotone, dzina la magitala otsika mtengo amene ankapangidwa ku South Africa, amene amuna ambiri a m'dziko muno anabwera nawo. Ndiri mwana kagitalako kanali kukolekedwa pa msomali m'chipinda chochezera. Alongo anga ankaloledwa kukatsitsa, koma ife atsikana tikangokakhudza tinkamva kuti, "Siya icho, mtsikana woliza gitala sakhala pabanja." Ndinakula ndikukhulupirira zimenezo. Lero ndikuona kuti gitala ndi thabwa ndi nsambo chabe, ndipo khalidwe la munthu limachokera mumtima mwake.

M'mwezi wa Juni ndalama zitakwanira monga mwa kuganiza kwathu, tinanyamuka atatu: ine, msungichuma wathu ndi mayi wolizayo. Tinatsika minibasi ku depoti, tinayenda m'mphepete mwa msewu wa Malangalanga, tinalowa m'masitolo a ku Area 2, tinawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe mpaka tsidya linalo. Kumeneko tinakumana ndi mavuto awiri. Loyamba linali mtengo. Mukumbuka kuti m'mwezi wa Novembala 2023 kwacha yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera. Magitala a maina otchuka anali pa mtengo woposa kawiri ndalama zimene tinali nazo. Otsika mtengo analipo, onyezimira ndi utoto wofiira ndi wabuluu, koma mnzathu atawaliza anapukusa mutu, nati mawu ake ali ngati a chitini. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lachiwiri sitinaliyembekeze. Mnzathuyo atakhala pampando nafungatira gitala yaikulu ya m'sitolomo, anaoneka ngati mwana amene wafungatira mtsuko wa amake. Mkono wake wamanja unakwera m'mwamba kuti udutse pamimba pa gitalayo, phewa linapindika, ndipo zala za kumanzere zinkachita kutambasuka mowawa kuti zifike pamene ziyenera kugwira. Patapita mphindi zochepa anati, "Amayi, iyi sindingathe nayo nyimbo zitatu." Tinabwerera kunyumba chimanjamanja, ndalama ziri pansonga ya chitenje.

Safunsa anadya phula. Ndinapita kwa mphunzitsi wina wa zoimbaimba, mwana wa mnansi wanga, amene anaphunzira luso lake ku Music Crossroads ku Area 23, ndipo anandimasulira zimene sindinkazidziwa. Magitala ali ndi misinkhu ngati madiresi. Yaikulu imene yadzaza m'masitolomu Azungu amaitcha dreadnought, dzina la sitima yaikulu ya nkhondo ya ku Britain, ndipo inayamba kupangidwa mu 1916 kuti izimveka patali. Kale lisanafike limenelo magitala ambiri anali aang'ono, a m'chiuno mopyapyala, ndipo ku America ndi ku Ulaya ankalizidwa kwambiri ndi amayi m'zipinda zochezera. Mmisiri C. F. Martin, amene dzina lake lero ndi la magitala odula zedi, anachoka ku Germany nakakhala ku America mu 1833, ndipo mu 1843 anapangira gitala yaing'ono mayi wina woimba wotchuka, Madame de Goñi. Nthawi imeneyo Martin anali mmisiri wa kashopu kakang'ono. Dzina lirilonse lalikulu linayamba liri losadziwika.

Mphunzitsiyo anandiuzanso za mayi wina wakuda wa ku America, Elizabeth Cotten, wobadwa mu 1893. Ali kamtsikana anagwira ntchito ya m'nyumba, nasunga timakobidi take mpaka anagula gitala ya madola 3.75. Popeza anali wamanzere, anaitembenuza chadodolido naphunzira yekha kuiliza motero. Anakwatiwa, analera mwana, anagwira ntchito m'nyumba za anthu zaka zambiri, ndipo mu 1985 analandira mphotho ya Grammy atapitirira zaka 90. Nditamva zimenezi ndinakumbuka mawu a agogo anga aja, ndipo ndinaseka ndekha.

Ndiye amene anatilozera kwa mmisiri wina amene amagwira ntchito m'kashedi ka malata kuseri kwa msika, cha kunjira ya ku Mchesi kumene kuli akalipentala ambiri. Ndi bambo wa imvi, amene chakudya chake cha tsiku ndi tsiku amachipeza pokhoma mipando ndi kukonza magitala othyoka, koma pa chaka amapangako atsopano owerengeka. Pakhomo pake palibe chikwangwani. Atatipatsa moni anayang'ana manja a mnzathu uja, namupatsa kagitala kakale ka munthu wina kuti akafungatire, natenga tepi kuyesa mkono wake.

"Mayi," anatero kwa ine, "pa gitala yaikulu nsambo zimatalika masentimita 65 kapena kuyandikira pamenepo. Awa ndiwapangira ya masentimita 61, ya mimba yochepa. Koma ndikuuziretu, mawu ake aakulu a pansi sadzagunda ngati a yaikulu ija. Pabwalo lalikulu mudzafuna zokuzira mawu. M'nyumba ndi pakhonde idzamveka bwino, ndipo siidzakwirira mawu a amayi oimba."

Mawu amenewo ndiwo anandikopa, pakuti wamalonda amene ayamba ndi kukuuza pamene katundu wake aperewera sapezeka kawirikawiri. Anationetsa matabwa amene anawasanja kudenga kwa zaka zingapo kuti aume: paini wopepuka wa pamaso pa gitala, ndi mbawa wa kumbuyo, wa m'mbali ndi wa khosi. Mbawa wathu yemweyu ndi wa mtundu wa mitengo imene mafakitale a kunja amagula mu Africa muno kukapangira magitala awo. Mtengo umene anatchula unali wochepera pang'ono ndalama zathu. Anapempha theka ngati chikole, nalonjeza milungu isanu ndi umodzi. Ndinapereka.

Apa ndipo ndinalakwa, amayi anzanga, ndipo sindibisa. Ndinapereka ndalama za gulu kwa munthu wosadziwika ndisanabwerere kukafunsa eni ake, ndipo sitinalemberane kalikonse. Loweruka lotsatira nditafotokoza, m'gulu munali chinunu. Kenaka mayi wina wachikulire anati, "Amayi a pampando, ife tinakutumani kusitolo, kumene amapereka lisiti. Inu mwakasiya thukuta lathu m'shedi. Bambo ameneyo akasamuka usiku tidzam'peza kuti?" Ndinasowa choyankha chifukwa ananena zoona. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndalama ya gulu siiyenda ndi nzeru za munthu mmodzi, ngakhale nzeruzo zikhale zabwino. Lolemba m'mawa ndinabwerera ku Old Town pamodzi ndi mlembi ndi msungichuma, ndipo tinalemba pangano m'kope la gulu: msinkhu wa gitala, mitundu ya matabwa, ndalama zoperekedwa, zotsala, tsiku lotenga, ndi lonjezo lakuti chikalakwika china adzakonza ulere. Mmisiriyo anasaina mosanyinyirika.

Panalinso kachipsinjo kena. Bambo a kunyumba kwa mnzathu wolizayo anayamba kukayika, poopa kuti anzawo adzawaseka kuti akazi awo asanduka woimba wa m'mabala. Sitinawanyoze, pakuti nawonso analeredwa ndi mawu amene ndinaleredwa nawo ine. Tinapita awiri, ine ndi mayi wachikulire uja, tinakhala nawo pansi mwaulemu, tinawafotokozera kumene timaimba, nthawi imene timaweruka, ndi kuti gitala ndi katundu wa gulu wolembedwa m'buku. Anavomera, ndipo lero ndiwo amanyamula gitalayo pa njinga.

Milungu isanu ndi umodzi inakhala isanu ndi inayi. Guluu wabwino anasowa, mmisiri anadwalako, ndipo Loweruka lirilonse maso a amayi 23 anali pa ine. Kumapeto kwa Ogasiti uthenga unafika kuti gitala yatha. Ulendo uno ndinatenga mphunzitsi uja, ndipo mmene anaiyesera ndimo ndifuna kuti mugwiritse, pakuti sizifuna sukulu yaikulu. Zida zake ndi maso, makutu, tepi ya telala, kamtengo ka machesi ndi kapepala.

Choyamba anaika mutu wa gitala pafupi ndi diso lake nayang'ana motsata khosi, monga timayang'anira munsi kapena mpini ngati uli wowongoka. Khosi lopindika kapena lopotoka ndi matenda ovuta kuchiza. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zikakungidwa zimakoka khosi ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, usana ndi usiku. N'chifukwa chake thabwa laliwisi siliyenera, ndipo n'chifukwa chake muyenera kufunsa ngati m'kati mwa khosi aikamo chitsulo cholimbitsa. Mwa yathu anaikamo.

Chachiwiri anawerenga tizitsulo topingasa pakhosi mpaka pa ka nambala 12, nalowetsa kamtengo ka machesi pakati pa kachitsuloko ndi nsambo yonenepa. Kayenera kulowa mothina pang'ono, pakuti mpata woyenera ndi wa mamilimita awiri kapena atatu. Mpata ukakula zala zimapweteka ndipo wophunzira amagwa ulesi, ukachepa nsambo zimalira ngati ntchentche yagwa m'botolo. Anayendetsanso chala m'mphepete mwa khosi kuti amve ngati nsonga za tizitsuloto zikubaya. Kenaka anayesa kulowetsa kapepala pansi pa kathabwa kamene kamagwira nsambo pamimba. Kapepala kakalowa, ndiye kuti guluu sanagwire, ndipo tsiku lina kathabwako kadzazuka. Anasuzumiranso pabowo kuona timitanda ta m'kati, timene timachirikiza thabwa la pamaso monga mapaso achirikiza denga. Zonsezi zinali bwino, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Chachitatu ndicho chinatigwetsa nkhope. Analiza nsambo imodzi yosagwira, kenaka anaigwira pa kachitsulo ka nambala 12 nailizanso. Mawu awiriwo ayenera kukhala amodzi, achiwiriwo okwera chabe, monga mayi ndi mwana wake wamkazi akuimba nyimbo imodzi. Pa gitala yathu mawu achiwiriwo anapitirira, ndipo ngakhale ine wosadziwa ndinamva kuti sakugwirizana. Mphunzitsi anatenga tepi. Kachitsulo ka nambala 12 kayenera kukhala pakati pa utali wa nsambo, mbali ya kumimba ikhale yotalikirapo ndi mamilimita awiri kapena atatu okha. Pa yathu mbali ya kumimba inali yaifupi. Kathabwa kogwira nsambo kanamatidwa pamalo olakwika, kusiyana kwake kosafika ngakhale pa kunenepa kwa chala cha kanise, koma kokwanira kuononga nyimbo iriyonse.

Ndinamva miyendo kulefuka. Ndinaganiza za amayi aja, za mandasi okazingidwa m'bandakucha, ndi za nkhope yanga Loweruka. Koma mmisiriyo anatenga tepi yake, nayesa yekha kawiri, nakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Mphunzitsi akunena zoona. Ndalakwitsa ndine. Mayi, musandipatse ndalama yotsalayo lero. Mubwere pakatha milungu iwiri." Anamatula kathabwako ndi mpeni wofunditsa, nakonza pamalopo, nakamatanso pamene payenera. Titabwerera pakati pa Seputembala mawu awiri aja anakumana bwino lomwe, ndipo mnzathu analiza nyimbo zisanu motsatizana phewa losawawa.

Tsono taonani, amayi. Ikanakhala gitala yotsika mtengo ya m'katoni yochokera kutsidya kwa nyanja, tikanakadandaula kwa yani? Woipanga sitimudziwa, ndipo wogulitsa sadziwa kukonza. Mmisiri wathuyu dzina lake silidziwika ku London kapena ku Johannesburg, koma khomo lake tikulidziwa, ndipo minibasi imodzi itifikitsa. Umenewu ndiwo ubwino waukulu wogula kwa mmisiri wa pafupi. Koma ubwinowu umagwira ntchito pokhapokha mwasunga theka la ndalama m'manja mwanu, mwalemberana pangano pamaso pa mboni, ndipo mwatenga munthu wodziwa kuti akayese katunduyo musanamalize kulipira. Amisiri onse sali ngati ameneyu. Funsani kuti muone magitala ena amene anapanga zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mumve kwa eni ake ngati sanang'aluke. Musasokoneze gitala yoliza ndi tija tosema tokongoletsera m'nyumba timene amagulitsa kwa alendo. Dziwaninso kuti gitala yopanda dzina lotchuka mukadzafuna kuigulitsa simudzapeza ndalama zambiri, kotero muigule kuti muiimbe. Ndipo wina akakuuzani kuti akupangirani ya mkungudza wa ku Mulanje, kanani, pakuti mtengo umenewo ndi wotetezedwa ndipo watsala pang'ono kutha m'phirimo.

Tisachite manyazi ndi zopangidwa kwathu. Oimba amene anakweza dzina la dziko lino ambiri sanayambire pa zida zodula. Malemu Allan Namoko wa ku Thyolo anatchuka ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, la zida zosavuta za kumudzi. Mu Lilongwe momwe muno Yosefe Kalekeni ndi Yobu Maligwa a Madalitso Band anayenda zaka zambiri akuimba m'misewu, wina ndi gitala ya nsambo zinayi, wina ndi babatoni wopanga okha, mpaka mu 2017 anaitanidwa ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake anakaimba m'maiko a ku Ulaya. Anthu a kumeneko anaombera m'manja zida zomwezo zimene ife tinkazidutsa pa msika osacheuka.

Mukaipeza gitala, isamalireni monga musamalira makina osokera. Thabwa limapuma: nyengo ya dzinja limamwa chinyezi nkufufuma, ndipo m'chilimwe, makamaka Okutobala wa ku Lilongwe kuno, limauma nkufuna kung'aluka. Musaisiye padzuwa, pafupi ndi mbaula, kapena m'mwamba pansi penipeni pa malata. Musaitsamiritse kukhoma kumene ana amathamanga. Ife tinaisokera thumba la chitenje, m'kati tinaikamo bulangeti lakale. Woliza akamaliza apukute nsambo ndi kansalu kouma kuti thukuta lisazichititse dzimbiri, ndipo ikakhala nthawi yaitali yosalizidwa, nsambo zimasulidweko pang'ono. Nsambo zina zapadera muzikhala nazo, chifukwa yopyapyala imaduka tsiku la ukwati lenilenilo.

Pa 15 Okutobala 2024 tinaimba pa chikondwerero cha anakubala pakhomo lina ku mayadi a ku Area 10. Titamaliza, mayi wina wovala bwino anapempha kuti aione gitalayo. Anaitembenuza uku ndi uku kufunafuna dzina pamutu pake, osalipeza, mpaka anasuzumira pabowo naona kapepala kamene mmisiri analembapo ndi pensulo mwezi ndi chaka, ndi mawu akuti Lilongwe. Anafunsa kuti tinaitanitsa kudziko liti. Amene anayankha ndi mayi wachikulire uja amene anandidzudzula, nati, "Tinaitanitsa kuseri kwa msika, mayi, ndipo njira tingakulozereni." Pofika Khirisimasi ndalama zimene kale zinkapita kwa mnyamata uja zinali zitabweza gawo lalikulu la mtengo wa gitala, ndipo atsikana atatu, ana a mamembala athu, ayamba kuphunzira, popeza gitalayo ikukwana m'manja mwawo.

Ngati gulu lanu linagulapo chinthu kwa mmisiri, zinakuyenderani bwino kapena zinakuvutani, tilembereni kuti anzathu aphunzirepo. Sabata ya mawa tidzakambirana za kufutsa ndiwo zamasamba ndi kasungidwe kake kuti mfutso usachite nkhungu.